Ndinati Mabotolo Awiri, Pamene Anali 6

Ndine kalipentala. Ndimakhoma mipando ndi makabati ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, pamene mumaona masofa atandandalikidwa panja kudikira ogula. Kwathu ndi ku Katete, koma mu Lusaka ndakhalamo zaka zoposa 20. Ndikulemba za bodza limodzi limene ndinanena ku kiliniki mu 2021, bodza limene linatsala pang'ono kundigoneka kumanda, ndiponso za chimene chinandinamitsa.

Mowa ndinauyamba ngati anzanga onse. Masiku amenewo kunali tujilijili, timapaketi tija tokwana m'thumba la shati, totchipa moti ngakhale mwana wasukulu ankatha kugula. Boma linatiletsa mu 2012, koma kwa ine sipanasinthe kanthu. Mowa womwewo unangosamukira m'mabotolo ang'onoang'ono, ndipo kachasu sanasowepo m'komboni. Kwa zaka zambiri ndinkamwa Loweruka ndi Lamlungu basi.

Zinthu zinatembenuka mu 2019, mwana wathu wachitatu atamwalira ali ndi miyezi 7. Maliro atatha, achibale atakwera basi kubwerera kumudzi, tulo tinandithawa. Ndinkadzidzimuka pakati pa usiku n'kukhala maso mpaka tambala, ndikungoyang'ana malata. Ndinapeza kuti botolo limodzi limandigonetsa. Patapita miyezi, limodzi silinakwanenso. Pofika 2021 ndinkamwa mabotolo 6 patsiku. Loyamba linali la m'mawa ndisanagwire sowo, chifukwa popanda ilo manja ankanjenjemera moti mzere wa pensulo pa thabwa unkakhota.

Mkazi wanga ndi amene anandikakamiza kupita ku kiliniki ya kufupi ndi kwathu. Ndinkasanza m'mawa uliwonse, m'mimba mukuotcha, nsima osaimaliza. Tinafika 6 koloko n'kupeza mzere utazungulira kale. Nthawi yanga itakwana ndinalowa, koma chitseko chinasiyidwa chotsegula chifukwa kunkatentha. Pa benchi ya pakhomo pomwepo panakhala mayi wina wa kumpingo kwathu, woimba kwaya limodzi ndi mkazi wanga. Anesi atangomva fungo anauza mnzawo amene anali kuseri kwa katani, mokweza ndithu: "Achakolwa ena awa. Odwala ali panja, iwo atibweretsera babalaza." Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mumamwa angati patsiku, bambo?"

"Awiri chabe, asisita."

Sindinachite kuganiza kuti ndiname. Mawuwo anangotuluka okha, monga dzanja limathawira moto. Maso anali pa chitseko, makutu ali pa benchi ija. Anandiyeza malungo, sanapezeke. Anandilembera Panado ndi mankhwala a m'mimba, n'kunena kuti, "Mowa musiye lero lomwe. Munthu wamkulu ngati inu, mulibe manyazi?"

Manyazi ndinali nawo, ochuluka kuposa mmene iwo ankaganizira, ndipo ndinawamvera. Nditafika kunyumba ndinakhuthulira pansi zimene zinatsala m'botolo, n'kulumbira pamaso pa mkazi wanga kuti kwatha.

Apa m'pamene ndikufuna aliyense amene amamwa tsiku lililonse andimvetsere, pamodzi ndi amene amakhala naye nyumba imodzi. Kwa munthu wa mabotolo awiri, malangizo aja mwina sakanavuta. Kwa munthu wa mabotolo 6, amene manja ake sakhazikika mpaka amwe, kusiya mowa mwadzidzidzi popanda mankhwala kumatha kupha. Ine sindinkadziwa zimenezi. Anesi aja akanatha kudziwa, koma nambala imene ndinawapatsa inali yabodza, ndipo mmene anafunsira sanasiye mpata woti yoona ituluke.

Tsiku loyamba ndinatuluka thukuta ngati ndanyamula matabwa kuchokera ku Buseko wapansi. Thupi lonse linkanjenjemera, mtima ukuthamanga. Usiku wachiwiri ndinayamba kuona linthumbu likutsika m'khoma kubwera pabedi. Ndinamva kulira kwa mwana uja tinamuika, kukuchokera kuseri kwa kabati, ndipo ndinayamba kukankha kabatiyo ndikufuula kuti amutulutse. Anthu oyandikana nafe anadzaza pakhomo. Ena ankati ndi mzimu wa mwana, ena ankati wina wandilodza chifukwa cha ntchito. Mwamuna wina anati, "Wafuntha uyu, m'mangeni mupite naye ku Chainama," kutanthauza chipatala cha matenda a maganizo, ndipo anandimangadi manja ndi chitenje. M'bandakucha ndinagwa n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu. Mlongo wanga, amene amakhala ku Mtendere, ndi amene anathamangira takisi.

Kuchipatala adokotala anafunsa funso lomwe lija, koma ine sindinkadziwa n'komwe kumene ndinali. Anayankha ndi mkazi wanga. Nambala ankaidziwa bwino, chifukwa ndi iye amene ankatola mabotolo kuseri kwa chimbudzi m'mawa uliwonse kuti ana asawaone. Anandiika dilipu, anandipatsa diazepam ndi jekeseni ya thiamine, imene ndi vitamini B1. Ndinakhala masiku 5. Za masiku awiri oyamba sindikumbukira chilichonse.

Ponditulutsa anandiuza kuti ndizikaonedwa ku kiliniki ya kwathu. Sindinapite. Kuli bwanji kubwerera pa benchi ija? Sabata zitatu zisanathe ndinali nditayambiranso kumwa, ndipo tsopano ndinali ndi mayina awiri m'komboni, chakolwa ndi wofuntha. Ogula ena anasiya kubwera. Wina anabwera kudzatenga ndalama imene anapereka kale ya kabati, akuti anamva kuti mutu wanga sukuyenda bwino.

Mlongo wanga sanagonje. Kumayambiriro a 2022 anamva za kiliniki ina kumene kunali clinical officer amene anaphunzira za matenda a maganizo ku koleji ya ku Chainama. Anabwera kuntchito kwanga, nakhala pa sofa yosamaliza, n'kunena kuti, "Alongo, ndinakunyamulani kamodzi muli ngati mtembo. Kachiwiri sindingathe. Tiyeni mukadali woyenda nokha."

Bamboyo anali wamng'ono kwa ine, koma zimene anachita m'mphindi zisanu zoyamba sindidzaziiwala. Anadzuka n'kutseka chitseko. Anandifunsa ngati ndikufuna kuti mlongo wanga akhalemo kapena adikire panja. Anafunsa ntchito imene ndimagwira. Kenako anati, "Bambo, anthu amene ndimawaona muno, ena amamwa mabotolo 4 patsiku, ena 10, ena kuposa pamenepo. Ndikufunsa kuti ndidziwe mlingo wa mankhwala, monga inu mumayeza thabwa musanadule. Inu muli pati?"

Ndinati 6, masiku ena 7. Analemba, nkhope osasintha, ngati ndamuuza saizi ya nsapato.

Anatulutsa pepala la mafunso 10 a kamwedwe ka mowa lotchedwa AUDIT, limene linakonzedwa ndi bungwe la WHO, n'kundifunsa limodzilimodzi. Atamaliza anandifotokozera zimene zinandichitikira chaka chapitacho, ndipo anazifotokoza m'chinenero cha ntchito yanga. Anati ubongo wa munthu womwa tsiku lililonse uli ngati sipuling'i ya m'sofa imene yakhalidwa ndi munthu wolemera kwa zaka. Imazolowera kukankha mwamphamvu. Wolemerayo akadzuka mwadzidzidzi, sipuling'i imadumpha n'kung'amba nsalu. Kunjenjemera kumayamba patangopita maola ochepa, kuphupha kumakonda kubwera m'masiku awiri oyamba, ndipo kusokonezeka mutu koopsa kumafika cha pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Diazepam amapanikiza sipuling'iyo m'malo mwa mowa, kenako amamuchepetsa pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Panalibe ufiti, ndipo linthumbu lija silinali misala yokhalitsa.

Ndinkaganiza kuti tamaliza. Koma anafunsanso, "Tulo timabwera?" Ndinati ayi. "Kuyambira liti?" Ndinamuuza za mwana. Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa mosazungulira: "Kodi nthawi zina mumaganiza kuti bola kufa?" Palibe munthu anali atandifunsapo zimenezi, ngakhale abusa, ngakhale mkazi wanga. Ndinalira m'chipinda muja kuposa mmene ndinalirira pa maliro. Yankho linali inde, ndipo linali inde kwa zaka ziwiri.

Anandiuza kuti ndili ndi matenda awiri olukana: la mowa, ndi la kuvutika maganizo limene achipatala amati depression. Tinayamba ndi mowa. Mapiritsi a diazepam anapatsidwa mkazi wanga kuti azindipatsa yekha, ndipo sabata yoyamba ndinkapita ku kiliniki pafupipafupi kuti azindiona. Patapita sabata zingapo ndisakumwa, ataona kuti mtima unali udakali pansi, anandiyambitsa fluoxetine. Anandichenjeza kuti mankhwalawa sagwira ngati Panado, amatenga sabata zingapo, ndiponso kuti ndisasiye ndikangoyamba kumva bwino. Chenjezo limeneli linandithandiza, chifukwa pa sabata yachiwiri ndinkafuna kuwataya.

Zonsezi zinachitikira m'kiliniki wamba, pa mzere umodzi ndi a BP, a shuga ndi amayi a ana otsokomola. Kwa ine ichi chinali chachikulu. Tonse okulira mu Lusaka timadziwa mmene dzina la Chainama limatchulidwira. Chipatalacho chinatsegulidwa mu 1962, chili m'mbali mwa Great East Road, ndipo chathandiza anthu osawerengeka, koma ife tinasandutsa dzina lake chitonzo. Ana akamanyozana amati "ndiwe wa ku Chainama". Kondakitala akakangana ndi munthu amati akamutsitsa pa Chainama. Ndiye munthu amene tulo tamuthawa, kapena amene mowa wamugwira pakhosi, amaona kuti njira zili ziwiri zokha: kukhala chete, kapena kutenga dzina limenelo. Ambiri timasankha kukhala chete. Clinical officer uja anandiuza kuti kuyambira 2008 bungwe la WHO lili ndi ndondomeko yotchedwa mhGAP, yophunzitsa anesi ndi ma clinical officer a m'makiliniki wamba kuzindikira ndi kuthandiza matenda amenewa, kuti munthu asachite kudikira dokotala wamkulu. Chainama ndi ya amene afunikadi kugonekedwa kapena kuonedwa ndi katswiri, monga chipatala chachikulu cha UTH chilili kwa matenda ena aakulu.

Ndinadabwa kumva kuti kunyozako kunalembedwa ngakhale m'malamulo. Lamulo la atsamunda la 1949 linkatchula odwala ndi mawu monga "idiot" ndi "imbecile", ndipo linagwira ntchito zaka 70. Anthu atatu amene anadwalapo matenda a maganizo, mmodzi mwa iwo a Sylvester Katontoka a bungwe la Mental Health Users Network of Zambia, anapita nalo ku khoti, ndipo mu 2017 High Court inagamula kuti mawu amenewo ndi atsankho. Mu 2019 kunabwera lamulo latsopano la Mental Health Act. Pepala linasintha. Pakamwa pa anthu, kuphatikizapo ena ovala yunifomu, m'pamene pakuchedwa.

Ndisakunamizeni kuti kuyambira tsiku limenelo zonse zinayera. Miyezi 8 itadutsa kunali maliro a amalume ku Katete, ndipo usiku wa pa moto ndinalandira kapu imene anandipatsira. Ndinamwa masiku 9 otsatizana. Nditabwerera ku Lusaka ndinazungulira mpanda wa kiliniki kawiri ndisanalowe. Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Clinical officer uja anangoti, "Mwachita bwino kubwera msanga. Angati ulendo uno, ndipo lomaliza munamwa liti?" Anati wa BP akadya mchere wambiri pa ukwati sitimuthamangitsa, timangomuyezanso. Tinayambiranso pomwepo. Chikanakhala chitonzo chimene ndinakumana nacho tsiku limenelo, ndikudziwa kuti sindikanapondakonso.

Chaka chatha anandipempha kuti ndikalankhule kwa ogwira ntchito pa kilinikiyo, masana mzere utachepa. Ndinakana kawiri. Ndine ndani ine, wa Giredi 9, kuti ndiphunzitse anesi? Iye anandiuza kuti mu 2022 akatswiri a m'mayiko ambiri anatulutsa lipoti m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, ndipo anapeza kuti chimene chimachepetsa kusalana kwambiri ndi kukumana maso ndi maso ndi munthu amene anadutsamo, n'kumumva akulankhula yekha. Ndinakumbukira a Kenneth Kaunda mu 1987, pamene anauza dziko lonse kuti mwana wawo Masuzyo anamwalira ndi Edzi, nthawi imene mabanja ankangoti "anadwala nthawi yaitali". Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Ndinavomera.

Ndinawauza nkhani yomweyi, ya chitseko chotsegula ndi mabotolo awiri. Nditamaliza, nesi wina wachikulire anakweza dzanja. Mawu ake ndiwalemba chifukwa nawonso ndi oona. Anati, "Bambo, tamva. Koma inunso mutimve. Ine ndinamenyedwapo mbama ndi woledzera pa ntchito ya usiku. Pali mwamuna amene timamusoka mutu mwezi uliwonse akalandira malipiro, ndipo mkazi wake timamusokanso. Mzere umafika ku geti, tili awiri. Timatopa." Ndinalibe choyankha mwamsanga, chifukwa ndikudziwa zimene mkazi wanga anapirira, ngakhale sindinamumenyepo. Ndinangoti sindikupempha kuti atikonde kapena kuti alekerere womenya anthu. Ndikupempha kuti afunse m'njira yoti munthu anene zoona, popeza zoonazo ndi zimene zimasankha mankhwala. Mwamuna wosokedwa mwezi uliwonse uja, kodi alipo amene anamutsekera chitseko n'kumufunsa za tulo?

Anagwirizana zinthu zazing'ono. Funso la mowa azifunsa aliyense poyeza BP, abusa ndi agogo omwe, kuti wofunsidwa asadzione ngati wasankhidwa chifukwa cha fungo. Chitseko chizitsekedwa. M'khonde aziitana dzina la munthu, osati "uja wa mutu". Benchi yapadera ya odwala maganizo anaikana, chifukwa ena ankakumbukira mmene anthu ankaopera kuonedwa pa mzere wa ma ARV m'zaka zoyamba zija. Sizinakhazikike zonse. Akabwera antchito atsopano zina zimabwerera mwakale, ndipo miyezi ina fluoxetine amatha moti ndimakagula m'tauni ndi ndalama ya mpando umodzi. Koma funso lija la pa tebulo la BP ndinalimva ndi makutu anga likufunsidwa kwa gogo wina wa duku, ndipo iye anayankha osakhumudwa.

Kwa inu amene mumadzuka manja akunjenjemera mpaka mutamwa: musasiye nokha kunyumba mwadzidzidzi, ngakhale mutalumbira kutchalitchi. Pempherani ndithu, koma pitaninso ku kiliniki. Ngati pakamwa pakulemera, lembani nambala yeniyeni pa kapepala musanachoke kunyumba, ndi nthawi imene munamwa lomaliza, n'kungopereka. Muli ndi ufulu wopempha kuti chitseko chitsekedwe. Tengani munthu amene amadziwa zoona, monga mmene mkazi wanga anandiyankhulira ine ndili chikomokere. Akakunyozani pamalo amodzi, yesani pena, chifukwa ine kusiyana kwa makiliniki awiri kunali kusiyana kwa imfa ndi moyo. Kwa achibale: munthu amene wasiya mowa akayamba kuona zinthu zimene inu simukuziona, kapena akagwa n'kuphupha, musataye nthawi ndi zingwe kapena kufunafuna amene wamulodza. Thamangirani kuchipatala ndipo mukanene kuti amamwa angati ndiponso anasiya liti. Ndipo ngati maganizo oti bola kufa akubwera, uzani munthu lero lomwe. Nambala ya 933 ya Lifeline ndi yaulere.

Masiku ano anthu a m'komboni amadziwa mbiri yanga, ndipo ena amabwera kuntchito ngati akufuna kufunsa mtengo wa kabati. Sabata yatha kunabwera mayi wina wogulitsa tomato. Anazungulira masofa onse, kenako anakhala pansi n'kunong'ona. Mwana wake wa zaka 19 anayamba ndi chamba, kenako mankhwala a chifuwa a codeine, ndipo tsopano akuganiza kuti wafika pa volo, dzina la m'komboni la heroin. Wagulitsa mbaula, wagulitsa foni ya mng'ono wake. Anthu amamutcha janki, ndipo mayiyo amaopa kuti akakanena ku kiliniki amuitanira a DEC, omwe amamanga anthu pa milandu ya mankhwala ozunguza bongo. Ndinamuuza kuti ine sindine dokotala, ndipo za volo sindinadutsemo, koma ndikudziwa chipinda chimene chitseko chake chimatsekedwa, ndipo kumeneko ntchito yawo ndi kuchiza. Mnyamatayo wavomera kupita ngati ndimuperekeza.

Mayiyo anapempha chinthu chimodzi. Anati, "Bambo, tisapite ya pafupi. Kumeneko kumagwira ntchito mwana wa aneba athu." Ndinafuna kumuuza kuti asaope, koma ndinakumbukira benchi ija ndi mayi wa kwaya. Tinapangana Lachinayi, 5 koloko m'mawa pa siteji. Tikwera mabasi awiri.